Chipsera

Chipsera, zambiri zipsera, ndi khungu limene limatsala chilonda chikapola, nkhanambo itagwa. Mawuwa ndi apachibale ndi kupsa ndi kupserera, koma samangonena za moto: mbedza, mpeni, katemera, nthomba, ngakhale mphini za asing'anga zimasiya zipsera.

Ku Senga Bay ku Salima, yang'anani manja a amayi owamba nsomba ndi zikhatho za asodzi okoka makoka, mudzaona zipsera. Chipsera chakale chimasalala, chimanyezimira, ndipo pamene bala linali lakuya sipamera cheya, poti thupi limatseka malowo mwachangu ndi minofu yolimba yotchedwa collagen.

Chovuta ndi chipsera chotupa, chimene madokotala amati keloid. Chimakula kupitirira pamene panali bala, chimayabwa, ndipo chimakonda pakhutu poboola ndolo, pachifuwa ndi pamapewa, makamaka kwa ife akhungu lakuda. Kungochidula n'kuchiputa dala, chifukwa nthawi zambiri chimamereranso. Kuchipatala amachibaya jakisoni wochiphwetsa.

Pofuna kuchepetsa chipsera, munthu akapsa, muthireni madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Kupakapo Colgate kapena dzira laliwisi kumangoipitsa bala.