Mapili a Tug Argan na nkhope zimene zikusowa

Ku Ndola kuli kampu ya asilikali yochedwa Tug Argan. Ambili timachula dzinali monga mmene kondakitala amachulila masiteshoni, osafunsa kuti ni citundu canji. Si Cilamba, si Cibemba, komanso si Cizungu. Linacokela ku Somaliland. Kumeneko tug ni mtsinje wa mcenga umene umayenda madzi mvula ikagwa cabe, ndipo wa Argan uli pa mseu wocokela mumzinda wa Hargeisa kupita ku doko la Berbera. Pa tumapili twa miyala twa m'mbali mwa mtsinjewo, anyamata a dziko lino anamenya nkhondo masiku asanu, kuyambila pa 11 mpaka pa 15 August 1940. Ena sanatsikeko.

Ine nimakonda zithunzi kupambana mabuku a mbili yakale. Buku limakuuza zimene wolemba anasankha kukamba, koma cithunzi nthawi zina cimaulula na zimene wojambula sanafune kuti zioneke. Conco n'tayamba kufufuza za Tug Argan, n'nayambila ku zithunzi. Koma coyamba mumve cimene cinapeleka anthu akwathu ku mapili amenewo.

Mu June 1940, Mussolini analowetsa Italy m'nkhondo ku mbali ya Hitler. Panthawiyo Italy inali kulamulila Eritrea, Ethiopia na Somalia wa kum'mwela, cakuti kadziko ka British Somaliland kanali monga mbuzi yomangilila pakati pa afisi. Angelezi anasonkhanitsa amene anawapeza: batalyoni yoyamba ya Northern Rhodesia Regiment, batalyoni yaciwili ya King's African Rifles ya ku Nyasaland, magulu awili a ku Punjab, a Black Watch a ku Scotland, na Asomali a Camel Corps. Onse pamodzi sanafike 6,000. Mizinga yeniyeni inali inayi cabe, akasinja analibe. Ataliyana analowa pa 3 August na asilikali oposa 20,000, akasinja na ndeke. Pofika pa 5 August, Hargeisa anali m'manja mwao.

Kuti afike ku Berbera anafunika kudutsa pa mpata wa Tug Argan, ndiye pamene Angelezi anasankha kuima. Tumapili twa pamenepo anatupatsa maina ao: Black Hill, Knobbly Hill, Mill Hill, Observation Hill, Castle Hill na Punjab Ridge. Pa tuambili mwa tumapilitu anaikapo anyamata a Northern Rhodesia Regiment, gulu apa, gulu apo, mkati mwa waya waminga, pamodzi na mfuti za makina za Camel Corps. Vuto linali lakuti mapiliwo anali otalikilana kwambili. Phili limodzi likapanikizidwa, linzake silikanatha kulithandiza, ndipo adani anali kudutsa m'mipata ya pakati. Mill Hill inagwa pa 12 August, mizinga iwili n'kutayika nayo. Observation Hill inalimba mpaka madzulo a pa 15. Mkulu wa nkhondo, General Godwin-Austen, amene anafika tsiku limene nkhondo inayamba, anaona kuti akacedwa onse adzatsekeledwa, ndipo anapempha cilolezo cakuti acoke. Zombo zinawanyamula ku Berbera kupita ku Aden. Pa 19 August Ataliyana analowa m'doko lopanda asilikali.

Angelezi atawelengela, analemba kuti pa nkhondo yonse ya Somaliland anthu ao 38 anafa, 102 anavulala, 120 anasowa. Churchill atamva zimenezi anakwiya, osati cifukwa anthu anafa, koma cifukwa anafa ocepa. Kwa iye cinali cizindikilo cakuti sanamenye mokwanila. General Wavell anamuyankha kuti kuculuka kwa mitembo si umboni wa nzelu pankhondo. Nimaganizila kawili-kawili za mkangano umenewu. Munthu ali mu ofesi ku London, ayang'ana nambala 38, n'kuona kuti yacepa. Patangopita miyezi isanu na iwili, pa 16 March 1941, Angelezi anabwelela na zombo n'kulandanso Berbera.

Manje tibwelele ku zithunzi. Mukalemba dzina la Tug Argan pa foni, zoyamba kubwela ni za Ataliyana. N'zosadabwitsa, pakuti wothawa sakhala na mpata wa kamela. Boma la Mussolini linali na bungwe lake la zithunzi na mafilimu, Istituto Luce, ndipo kulanda dziko la Angelezi inali nkhani yofunika kuionetsa m'nyuzipepala zonse. Muona malole m'fumbi, mbendela, akulu-akulu a nkhondo oimilila mwaulemelelo. Koma kulitsani cithunzi na zala, muyang'ane m'mphepete. Mudzaona nkhope zakuda. Ambili mwa amene anakwela mapili aja m'dzina la Italy anali askari a ku Eritrea, Ethiopia na Somalia, ndipo ambili mwa 465 amene anafa ku mbali imeneyo anali omwewo. Mnyamata wa ku Asmara anali kukwela, wa ku Fort Jameson anali kumudikila pamwamba, onse awili ovala yunifomu ya mwini. Mau olembedwa pansi pa zithunzizo amachula malo na akulu-akulu. Askari sachulidwa.

Kenako pamabwela nkhope imodzi imene imabwelezedwa paliponse, ya Captain Eric Wilson wa Camel Corps. Munthu uyu analimba mtima zoona, sinim'cepetsa. Anali pa Observation Hill na mfuti za makina, anavulala pa phewa na m'diso, malungo anam'gwila, koma anapitiliza kuombela mpaka phili linagwa. Anam'patsa Victoria Cross, mendulo yaikulu koposa ya Angelezi, poganiza kuti anafa. Mu 1941 anapezeka wamoyo m'kampu ya akaidi ku Eritrea, ndipo anakhala mpaka 2008, zaka 96. Zithunzi zake zilipo ali mnyamata, zilipo ali nkhalamba na mendulo pacifuwa. Sajenti wake wa Cisomali, Omar Kujoog, anafela pambali pake pa phili lomwelo. Dzina lake tikulidziwa cifukwa limachulidwa m'nkhani za Wilson. Nanga a kwathu amene anali m'maenje a pafupi, anawachula ndani?

Zithunzi zimene zinanigwila mtima kwambili ni za malowo mmene alili lelo, maka-maka zojambulidwa kucokela kumwamba, zimene aliyense angaone pa mapu a pa intaneti. Mtsinje uoneka monga kamzele koyela kokhota-khota. Mseu umaudutsa. Mapili ni mabala a bulauni, miyala na tumitengo twa minga. Palibe ciliconse cokuuza kuti pano munthu anakhala masiku asanu pa dzuwa la August, madzi akuwelengedwa, ndeke zikuzungulila pamwamba. N'nakhala usiku wina nikukulitsa na kucepetsa mpaka mabando anatha, nikufuna-funa ngakhale kamulu ka miyala kooneka kuti kanaunjikidwa na manja. Phili silisunga munthu. Limangobwelela kukhala phili, mbuzi n'kumadya pamenepo.

Nkhope imene n'nali kufuna inali m'sutukesi ya ambuya, kuno ku Matero, pansi pa vitenge vimene amasungila malilo. Ni kacithunzi kang'ono kuposa cikhatho, ka mlongosi wao wamkulu. Waimilila nganganga, kabudula wa khaki, cipewa cacitali, manja m'mbali, maso otong'ola monga munthu amene wauzidwa kuti asaphethile. Mapazi saoneka cifukwa ciswe cinadya pansi pake. Ambuya anali kamwana pamene iye anapita. Cimene amakumbukila ni tsiku limene mesenjala wa ku boma anafika pamudzi pa njinga, amai ao n'kudzigwetsa pansi asanamve n'komwe uthenga wonse. Panalibe mtembo, panalibe manda. Pabanja pathu sitikamba kuti anafa. Timakamba kuti "anatsala ku mapili a Asomali."

N'nawafunsa kuti, "Ambuya, n'cifukwa ciani simucipacika pa cipupa?"

Anati, "Iwe, dzuwa limadya zithunzi. Cikafufuta, nidzam'peza kuti wina?"

Anakamba zoona. Padziko lonse lapansi, kapepala aka kokha ndiye kali na makutu ake, mphuno yake, na mmene anali kuimilila.

Manda a asilikali a nkhondo imeneyi aliko ku Hargeisa, ndipo amasamalidwa na Commonwealth War Graves Commission. Maina ali pa webusaiti yao, kufufuza ni kwaulele, ndipo pali anthu odzipeleka amene amayenda m'manda a nkhondo m'maiko osiyana-siyana kujambula mwala uliwonse kuti abale akutali auone. Ni nchito yabwino. Koma mukayelekezela zolembedwa, mtima umawawa. Pa msilikali wa ku Britain nthawi zambili mupeza zaka zake, maina a makolo, tauni yake. Pa askari kawili-kawili mupeza nambala, udindo na dzina, nthawi zina limodzi cabe, lolembedwa mmene kalaliki analimvela. Mu 2021 bungwe lomweli linapepesa litavomeleza kuti anthu osacepela 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ambili a mu Africa, sanakumbukilidwe na maina ao. Pa nkhondo yaciwili maina analembedwa bwinoko, koma dzina lopanda mudzi, lopanda mfumu, lopanda nkhope, m'bale wake amalidutsa osalizindikila.

Amene anapulumuka ku Tug Argan sanabwelele ku nyumba. Gulu lao linapitiliza ku Ethiopia, pambuyo pake ku Burma, ndipo mu 1964 linakhala maziko a Zambia Regiment. Njila yonse imene anayenda ili pa zikwangwani zimene timapitapo tsiku lililonse: Gondar ku Chipata, Chindwin ku Kabwe, Kalewa ku Ndola, Arakan na Burma Road muno mu Lusaka. Koma musakatenge foni kukajambula geti la kampu ati mukucita mbili yakale. Lamulo limaletsa, ndipo mudzafotokoza bwino muli mkati. Mu November, akulu-akulu amaika nkhata za maluwa pa cipilala ca cikumbutso mu Independence Avenue, malipenga n'kulila, makamela onse n'kulunjika pa amene akuika maluwa.

Ine cimene n'nacita n'cocepa. N'naika kacithunzi ka ambuya pa nsalu yoyela pafupi na windo, n'nazimitsa fulashi kuti kasanyezimile, n'kukajambula kutsogolo na kumbuyo komwe. Kenako n'nakaika pambali pa cithunzi ca mapili aja, munthu ku manzele, malo ku manja, n'kutumiza pa gulu la banja pa WhatsApp. Gulu limeneli nthawi zonse limangokhala la zopeleka za malilo na mavidiyo oseketsa, koma tsiku limenelo mauthenga sanaleke mpaka pakati pa usiku. Amalume a ku Kitwe anafunsa kuti Somaliland ili kuti. Msuwani wanga, amene ni msilikali ndipo anagonapo miyezi ku Tug Argan ya ku Ndola, anangolemba kuti, "Sure?" Atate aakazi a ku Katete anatumiza mau ojambula a mphindi zinayi, akufotokoza kuti dzina limene analembetsa ku usilikali silinali la pamudzi, ndipo anachula onse awili, na mudzi, na mfumu. N'nazilemba zonse pansi pa cithunzi. Pambuyo pake panabuka mkangano wa makutu. Ena akuti ni a mng'ono wanga, ena akuti ni anga, ndipo ambuya akana kuweluza mpaka tonse awili tikaimilile pamaso pao, manja m'mbali.