Nyamakazi, zakudya ndi kuthamanga: zimene anthu a ku Chowa ayenera kudziwa

Nyamakazi ndi dzina limene anthu amapereka ku matenda osiyanasiyana a m'mfundo, ndiye kuti malo amene mafupa amakumana, monga bondo, ciuno, cigongono ndi zala. Madokotala amawerenga mitundu yoposa 100 ya matendawa. Yambiri mwa iyo sicira kotheratu, koma ululu wake umacepa ngati wodwala alandira mankhwala oyenera, asamala kadyedwe ndipo sasiya kuyendetsa thupi.

Kwa anthu a m'komboni ya Chowa mu mzinda wa Kabwe, malangizo amenewa ali ndi mbali ina imene sipezeka m'mabuku ambiri a zaumoyo. Dothi ndi fumbi la kumeneko zili ndi mtovu wocokera ku mgodi wakale, ndipo mtovu umakhudza mafupa, impso, ndiwo za m'dimba ndiponso mpweya umene wothamanga amapuma.

Mitundu itatu yofala

Wofala kwambiri ndi umene madokotala amaucha osteoarthritis. Kumapeto kwa fupa lililonse la m'mfundo kuli cicerewecere cosalala cimene cimathandiza kuti mafupa asakhulane. Cikayamba kuperepeseka, mfundo imapweteka poyenda, imauma munthu akakhala pansi nthawi yaitali, ndipo nthawi zina imalira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo mwa iwo 365 miliyoni anali ndi vuto la maondo. Ukalamba, kunenepa kwambiri ndi kuvulala kwakale ndizo zimaonjezera ngozi. Munthu amene anathyoka bondo pa mpira kapena pa nchito ali mnyamata angayambe kumva ululu zaka zambiri pambuyo pake.

Waciwiri ndi rheumatoid arthritis. Pamenepa citetezo ca m'thupi cimaukira mfundo za mwini wake. Kawirikawiri zimayamba kutupa ndi zala za manja onse awiri, ndipo m'mawa zimauma kwa ola lathunthu kapena kuposerapo. WHO inati mu 2019 odwala anali 18 miliyoni, ndipo 70 mwa 100 alionse anali akazi. Mtundu umenewu suletsedwa ndi zakudya kapena masewera okha. Umafuna mankhwala monga methotrexate, ndipo wocedwa kuwayamba amapunduka zala.

Wacitatu ndi gout, umene umabwera mwadzidzidzi, kawirikawiri usiku. Cala cacikulu ca kuphazi cimatupa, cimafiira ndi kutentha, moti ngakhale bulangete likacikhudza munthu amabuula. Cimene cimacititsa ndi asidi wochedwa uric acid, amene akaculuka m'magazi amauma n'kukhala timibulu takuthwa m'kati mwa mfundo. Impso ndizo zimacotsa asidi ameneyu m'thupi, ndipo apa ndi pamene nkhani ya nyamakazi imakumana ndi mbiri ya Kabwe.

Mgodi ndi mtovu

Miyala ya mtovu ndi zinc inapezeka pamalo amenewa mu 1902, ndipo mzindawu unkachedwa Broken Hill mpaka pambuyo pa ufulu wa dziko la Zambia. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma milu ya zinyalala zake inatsala. Makomboni a Chowa, Kasanda, Makululu ndi ena oyandikana nawo ndiwo anaipitsidwa kwambiri. Ku Chowa vutoli linakulanso cifukwa ca ngalande imene inkatenga madzi oipa kucokera ku mgodi n'kudutsa pafupi ndi nyumba za anthu.

Mu 2015, akatswiri a pa University of Zambia ndi a pa Hokkaido University ya ku Japan, motsogozedwa ndi a John Yabe, anafalitsa zotsatira za kuyeza magazi a ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Ana onsewo anapezeka ndi mtovu woposa mlingo wa 5 micrograms pa decilitre. Mu 2016 banki ya World Bank inavomereza ndalama zothandizira boma kuyeretsa malo oipitsidwa ndi migodi, kuphatikizapo Kabwe, ndipo mu 2019 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lodandaula kuti ana akali pangozi.

Nkhani zambiri za mtovu zimanena za ana, ndipo m'pomveka, popeza ubongo wao ndiwo umaonongeka msanga. Koma ana a zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tsopano ndi akuluakulu. Mwa munthu wamkulu, mtovu woposa magawo 90 mwa 100 umakhala m'mafupa ndi m'mano, ndipo umatuluka pang'onopang'ono kwa zaka makumi angapo. Umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kufooketsa impso. Impso zikafooka zimalephera kucotsa uric acid, ndipo gout imayamba. Zimenezi si zacilendo kwa madokotala. M'zaka za m'ma 1850, dokotala wa ku London, Alfred Baring Garrod, anaona kuti ena ndithu mwa odwala ake a gout anali amisiri a mapaipi ndi opaka utoto, amene ankagwira mtovu tsiku ndi tsiku.

Cotero munthu wa ku Chowa amene ali ndi gout, BP yokwera ndiponso vuto la impso acita bwino kuuza dokotala zaka zimene wakhala m'deralo, ndiponso ngati anagwirapo nchito mu mgodi kapena kutola miyala pa milu ya zinyalala.

Zakudya

Palibe cakudya cimene cimaciza nyamakazi. Ogulitsa ufa wa zitsamba m'mabotolo amanena zina, koma umboni wolimba uli pa cinthu cimodzi cacikulu, ndico kucepetsa thupi kwa amene ananenepa. Kafukufuku wa a Stephen Messier ku America mu 2005 anapeza kuti munthu akataya kilogalamu imodzi, katundu wogwera pa bondo pa phazi lililonse limene aponda amacepa ndi makilogalamu pafupifupi 4. Mu 2013 gulu lomwelo linafalitsa zotsatira za anthu 454 onenepa, odwala maondo, amene anatsatiridwa kwa miyezi 18. Amene anasintha kadyedwe ndi kucita masewera pamodzi anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwao, ndipo ululu wao unacepa kuposa wa amene anacita masewera okha.

Pa mbale ya ku Kabwe, zimenezi sizitanthauza kusiya nsima. Zitanthauza kucepetsa mitanda, kusankha unga wa rola kapena wa mgaiwa m'malo mwa woyera kwambiri, kucepetsa saladi m'ndiwo, shuga mu tiyi, vitumbuwa ndi zakumwa zotsekemera, n'kuonjezera nyemba, ciwawa, repu, bondwe, kalembula ndi zipatso za nyengo yake. Ena amaleka matimati ndi impwa poganiza kuti zimatupitsa mfundo, koma palibe umboni wokwanira wa zimenezo. Mapilisi odula a glucosamine nawonso sanaonetse phindu lodalirika, moti mu 2022 bungwe la NICE la ku Britain linalangiza madokotala kuti asamawapereke kwa odwala osteoarthritis.

Wodwala gout ali ndi malamulo akeake. Ciwindi, impso, matumbo, nyama yofiira yambiri ndi mowa, makamaka wa m'mabotolo ndi kacasu, zimakweza uric acid. Ambiri amagwidwa usiku wotsatira phwando kapena tsiku lolandira malipiro. Za m'mimba za nkhuku zili ndi cifukwa caciwiri cozipewera ku Kabwe, popeza kafukufuku anapeza mtovu woculuka m'ciwindi ndi m'impso za nkhuku zacikuda zimene zimatola cakudya m'dothi pafupi ndi mgodi.

Kapenta ndiye amavuta kuweruza. Popeza amadyedwa ndi minga yomwe, ali ndi calcium wambiri, ndipo thupi lokhala ndi calcium ndi iron wokwanira silitenga mtovu wambiri kucokera m'matumbo. Kwa ana, amai apakati ndi odwala osteoarthritis, kapenta ndi ndiwo yabwino ndiponso yosadula kwambiri. Koma nsomba zazing'ono za mtundu umenewu zili m'gulu la zakudya zokweza uric acid, ndiye wodwala gout adye pang'ono n'kupeza calcium wina mu mkaka, mabisi ndi masamba obiriwira. Ngakhale atero, amene gout imamubwerera kawirikawiri amafunika mankhwala a allopurinol, cifukwa kusala zakudya kokha sikutsitsa asidi mokwanira.

Masamba a m'dimba la pakhomo amatenga mtovu m'dothi ndiponso fumbi limene limagwera pa iwo. Akatswiri amalangiza kubzala m'masaka kapena m'mabedi okwera okhala ndi dothi locokera kutali ndi mgodi, ndi kutsuka masamba bwinobwino asanaphikidwe.

Kodi kuthamanga kumatha maondo?

Anthu ambiri amakhulupirira kuti bondo lili ngati tayala la galimoto, limene limatha ndi mtunda. Cicerewecere sicili conco. Cilibe mitsempha ya magazi, ndipo cimadya kucokera m'madzi a m'mfundo pamene cikupanikizidwa ndi kumasuka. Mfundo yosayenda imauma, ndipo minofu ya m'ncafu imene imagwira bondo imafooka.

Akatswiri a pa Stanford University anatsatira othamanga mitunda yaitali a zaka 50 kupita m'tsogolo kuyambira mu 1984, ndipo mu 2008 analengeza kuti patapita zaka 18 maondo ao sanaonongeke kuposa a anzao osathamanga. Mu 2017, a Eduard Alentorn-Geli ndi anzao anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri. Anapeza nyamakazi ya bondo kapena ciuno mwa 3.5 peresenti ya othamanga mongodzisangalatsa, 10.2 peresenti ya anthu ongokhala, ndi 13.3 peresenti ya othamanga a mipikisano yapamwamba. Kafukufuku wina wa mu 2018 ku America anaona anthu a zaka zoposa 50 amene anali kale ndi nyamakazi ya bondo koma ankathamanga pa liwiro lodzisankhira, ndipo matenda ao sanakule msanga kuposa a ena.

Manambala amenewa afunika kuwawerenga mosamala. Munthu amene bondo lamuvuta amasiya kuthamanga yekha, ndiye otsala m'gulu la othamanga amakhala a maondo abwino. Komabe zotsatirazo zikugwirizana pa mfundo yakuti kuthamanga kwa mlingo wabwino sikuononga bondo, ndipo ngozi imakula ndi mitunda yoculuka kwambiri ya zaka zambiri kapena kuthamanga pa bondo lovulala.

WHO imalangiza munthu wamkulu kucita masewera apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena amphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150, ndi kulimbitsa minofu masiku awiri. Wodwala nyamakazi amayamba ndi kuyenda mwandawala kwa masabata angapo. Kenaka amasakaniza, kuthamanga mphindi imodzi ndi kuyenda ziwiri, n'kusiya tsiku lopuma pakati. Ululu pang'ono umene umatha pofika mawa lake si woopsa. Bondo likatupa, munthu akayamba kutsimphina, kapena ululu ukapitirira tsiku lathunthu, ndiye kuti mtunda waculuka ndipo uyenera kucepetsedwa. Mfundo yotupa ndi yotentha siyenera kuthamangidwira konse, kaya ndi gout kapena rheumatoid arthritis. Amene maondo ao anapindika kale, kapena anaikidwa mfundo yacitsulo, amapindula kwambiri ndi njinga ndi kuyenda.

Nsapato siziyenera kukhala zodula. Za salaula zimagwira nchito, malinga ngati cidendene cake sicinathe mbali imodzi ndipo zala zili ndi malo.

Cizolowezi coopsa ndi kumwa Brufen kapena diclofenac munthu asanayambe ulendo kuti asamve ululu. Mankhwala amenewa amabisa cenjezo la thupi, amayambitsa zilonda za m'mimba, ndipo amapanikiza impso, makamaka thupi likataya madzi. M'kutentha kwa October, kusowa madzi m'thupi kumathanso kudzutsa gout. Kwa munthu amene impso zake zinakhudzidwa kale ndi mtovu, ngoziyi ndi yaikulu kuposa kwa ena.

Kothamangira

Wothamanga amakoka mpweya wambiri kuposa wokhala pansi, ndipo kawirikawiri amapumira pakamwa. Ku Chowa zimenezi zimacititsa kusankha njira kukhala kofunika ngati kusankha mtunda. Madokotala a kumaiko ena amayamikira njira zadothi poti n'zofewa ku maondo, koma pafupi ndi mgodi wa Kabwe malangizo amenewo sagwira. Njira zodutsa m'mbali mwa milu ya zinyalala, m'mphepete mwa ngalande ndi m'misewu yafumbi imene magalimoto akuluakulu amadutsa ziyenera kupewedwa, makamaka kuyambira August mpaka mvula itagwa, pamene dothi lauma ndipo mphepo ikuomba. Msewu wa tala wotalikira mgodi, kapena bwalo lokhala ndi udzu wokwanira, ndiwo malo abwinopo.

Fumbi lomezedwa m'mimba muli njala limalowetsa mtovu wambiri m'magazi kuposa lomezedwa munthu atadya, ndiye othamanga mbandakuca acita bwino kuyamba alawa kanthu. Pobwerera, nsapato zitsale panja, zovala zicapidwe pazokha, ndipo munthu asambe asananyamule mwana kapena kugwira cakudya.

Nthawi yopita kucipatala

Mfundo imodzi ikatupa mwadzidzidzi, kutentha, ndipo thupi lonse likatentha, wodwala apite kucipatala tsiku lomwelo. Mwina muli mafinya, ndipo tizilombo tingaononge mfundo m'masiku owerengeka. Kutema mphini pa mfundo yotero kumangotsegulira njira tizilombo tina. Mwana amene mfundo zikumupweteka mosinthanasinthana pambuyo pa zilonda za pakhosi afunikanso kuonedwa msanga, popeza matenda amenewo amagwira mtima.

Ku Zambia kuli zifukwa zinanso za kupweteka kwa mfundo. M'zaka za m'ma 1990, madokotala a pa University Teaching Hospital ku Lusaka anaonetsa kuti mitundu ina ya nyamakazi, imene kale inali yosowa, inaculuka pamodzi ndi kacilombo ka HIV. Mankhwala a TB ochedwa pyrazinamide, ndiponso mapilisi ena a BP okodzetsa, amakweza uric acid. Wodwala sayenera kuwasiya yekha, koma auze a zaumoyo kuti aone cocita. Anthu a ku Chowa amayambira pa kiliniki ya m'dera lao, ndipo ofunika kujambulidwa mafupa kapena kuyezedwa impso amatumizidwa ku Kabwe Central Hospital.