BILIMBIQUE: NDALAMA ZIMENE MSIKA WA KU MEXICO UNAKANA

Sabata ino tiyeni tipite ku Mexico, tikaone ndalama zapepala zakale zimene lero anthu amazisunga m'timatumba tapulasitiki ngati chuma. Musanaseke munthu wogula ndalama yoti sangagulire ngakhale mchere, imvani kaye kumene mapepalawa anadutsa, chifukwa mtengo wake wa lero ukuchokera kumeneko.

Anthu a ku Mexico anakulira pa siliva. Migodi ya ku Zacatecas ndi Guanajuato inkatulutsa siliva wochuluka, ndipo kobidi lawo la peso linkalandiridwa mpaka ku China. Ndiye Agustín de Iturbide, amene anakhala mfumu dzikolo litangochoka m'manja mwa Spain, atatulutsa mapepala a peso 1, 2 ndi 10 kumayambiriro kwa 1823, anthu anawakana. Ufumu wakewo unagwa mu Malichi chaka chomwecho. Boma latsopano linayesa nzeru ina: linasindikiza ndalama kumbuyo kwa zikalata zakale za Papa, poganiza kuti Akatolika achita mantha kukana pepala lopatulika. Anakanabe basi.

Pepala linayamba kuyenda pamene Banco de Londres, México y Sudamérica inatsegulidwa mu 1864. Mu 1897, nthawi ya Porfirio Díaz, kunabwera lamulo lolola mabanki a m'zigawo kutulutsa ndalama zawo. Ambiri ankasindikitsa ku American Bank Note Company ya ku New York, kumene amisiri ankagoba chithunzi pa chitsulo, mzere umodziumodzi. Mukaona mapepala a nthawi imeneyo mupeza sitima zapamtunda, anthu a m'migodi, ng'ombe ndi madoko, zonse zonyadira chitukuko. Koma chimene chinkachititsa wamalonda kulandira ndi lonjezo lolembedwa pomwepo, lakuti banki ipereka makobidi kwa aliyense wobwera ndi pepalalo.

Lonjezo limeneli linafa ndi nkhondo. Kuukira boma kunayamba mu 1910, Díaz anachoka mu 1911, ndipo mu Febuluwale 1913 pulezidenti Francisco Madero anaphedwa, mkulu wa asilikali Victoriano Huerta n'kulanda mpando. Mu Novembala 1913 Huerta analamula kuti mapepala a mabanki azilandiridwa mokakamiza, ndipo mabankiwo asamaperekenso makobidi. Inunso mukanatani? Aliyense anabisa siliva wake, pamsika panatsala mapepala okhaokha.

Olimbana ndi Huerta nawonso ankafuna ndalama zolipirira asilikali. Mu Epulo 1913 Venustiano Carranza analamula kusindikiza mapeso 5 miliyoni, amene amadziwika ndi dzina la tauni ya Monclova. Pancho Villa atalanda Chihuahua mu Disembala 1913 anatulutsa zake, mapepala aakulu opanda zithunzi amene anthu anawatcha sábanas, kutanthauza nsalu zoyala pabedi. Mu 1914 anabweretsa ena otchedwa dos caritas, nkhope ziwiri, chifukwa panali Madero ndi Abraham González, bwanamkubwa wa Chihuahua amene anaphedwanso ndi anthu a Huerta. Akuluakulu ena a nkhondo, maboma a zigawo, migodi ngakhale masitolo, onse anayamba kusindikiza. Chenji chitasowa kunabwera timakatoni ta masentavo 5, 10 ndi 20. Zonsezi anthu anazipatsa dzina limodzi lonyoza, bilimbique. Nkhani imene imakambidwa kawirikawiri ndi yakuti dzinali linachokera kwa William Weeks, Mmereka wolipira antchito pa mgodi wa ku Cananea, amene ankapereka timapepala m'malo mwa makobidi.

Tsopano dziikeni pa benchi ya mayi wogulitsa chimanga ndi nyemba mu mzinda wa Mexico City. Huerta atathawa mu Julayi 1914, opambanawo anatembenukirana. Mu Disembala 1914 asilikali a Villa ndi Emiliano Zapata analowa mumzinda ndi ndalama zawo. Kumapeto kwa Januwale 1915 kunalowa Álvaro Obregón wa mbali ya Carranza, n'kunena kuti mapepala a Villa si ndalamanso. Mu Malichi iye anatuluka, a Zapata n'kubwerera. Ndalama imene mwagulitsira katundu Lolemba, pofika Lachisanu ikhoza kukhala yoyatsira moto. Mukaikana, msilikali ali ndi mfuti. Mukailandira, wokuodetsani mawa aikana, mpamba wonse wathera pomwepo. Amalonda ambiri anatseka masitolo kapena kubisa katundu, ena anabwerera ku msintho, mitengo inakwera, ndipo 1915 anthu a mumzindawo amaikumbukira ngati chaka cha njala. Ife a pamsika tikudziwa kuti ndalama imayesedwa pa dzanja la wogulitsa. Iye akaibweza, siginecha ya mkulu wankhondo ilibenso ntchito.

Mu 1916 Carranza anayesa kukonza zinthu ndi mapepala okongola osindikizidwa ku New York, otchedwa infalsificables, kutanthauza osatheka kuwapanga achinyengo. Kukongola sikunathandize, chifukwa kumbuyo kwake kunalibe golide wokwanira. Chaka chisanathe anali atagwa, anthu n'kubwerera ku makobidi. Phunziro limeneli linalowa m'malamulo aakulu a 1917: ndime 28 inati banki imodzi yokha, yoyang'aniridwa ndi boma, ndiyo izitulutsa ndalama zapepala. Banco de México inatsegulidwa pa 1 Sepitembala 1925, nthawi ya Plutarco Elías Calles, komabe anthu anadzazolowera mapepala ake m'ma 1930.

Mapepala a bankiyi ndi amene osonkhanitsa ambiri amayambira. Pa 5 peso pali mtsikana wovala ndolo ndi mikanda amene anthu anamutcha La Gitana. Kunamveka miseche yoti ndi chibwenzi cha nduna ya zachuma, Alberto J. Pani, pomwe chithunzicho chinagobedwa kale mu 1910 ndi mmisiri wa American Bank Note Company, ngati nkhope ya mtsikana wa ku Algeria. Pa 1 peso yoyamba mu 1936 pali mwala wa kalendala ya Aaziteki, ndipo pa 10 peso pali mayi wovala zachikhalidwe za ku Tehuantepec. Mexico inayamba kudzisindikizira ndalama pa fakitale yake mu 1969. Mu 1993 inachotsa maziro atatu, mapeso 1,000 akale n'kukhala peso imodzi yatsopano.

Nanga mtengo wake lero? Apa musapusitsidwe ndi ukale. Ma dos caritas ambiri, ngakhale apitirira zaka 100, amagulidwa ndi madola ochepa chabe. Anasindikizidwa ochuluka zedi, ndipo atafa palibe banki inawatolera kukawawononga, anangotsala m'mabokosi mitolomitolo. Mapepala ena a mabanki ang'onoang'ono a m'zigawo ndi odula kwambiri chifukwa anatuluka ochepa, ndipo ambiri anabwezedwa n'kuwonongedwa. Osonkhanitsa amayang'ana ngati pepala linapindidwa, linang'ambika kapena linachapidwa, ndipo kampani ngati PMG imapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 70. Amayang'ananso nambala, masiginecha ndi tsiku. Alipo mapepala amene sanatulukepo m'banki, opanda siginecha, owoneka atsopano koma nthawi zambiri otsika mtengo kuposa amene anayendadi. Aliponso achinyengo, ena opangidwa nthawi ya nkhondo yomweyo.

Chimene ine chimandikoka kwambiri ndi zidindo. Mapepala a Villa ankadindidwa m'matauni osiyanasiyana posonyeza kuti akuluakulu a kumeneko awaona ndipo ndi enieni. Chidindo chosowa chikhoza kukweza mtengo wa pepala wamba kangapo. Chimakuuzaninso tauni imene pepalalo linafika, kumene wina anayenera kusankha kupereka chimanga chake kapena kuchibisa. Mukadzaona chithunzi cha bilimbique, yambani mwayang'ana zidindozo.

Tikumanenso sabata yamawa.