Njanji inabala Lusaka, mapaipi anatsala kumbuyo

Mu 1905, njanji yocokera ku Livingstone kupita kumpoto inafika pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Anthu a njanji anangofuna pamalo pakuti sitima zizipatukirana. Masitolo anamera m'mbali mwa njanjiyo, ndipo ndi mmene Cairo Road inayambira.

Boma la atsamunda litaganiza zocotsa likulu ku Livingstone, linaitana katswiri wa mapulani a mizinda, Stanley Adshead, amene anapereka pulani yake mu 1931. Likulu linasamukira kuno mu 1935. Mzinda wa pa pepala unali wa mitengo, mayadi aakulu ndi misewu yotakata ya motoka, makamaka ku Ridgeway. Mapaipi a madzi ndi magetsi anatsata misewu imeneyo. Munthu wakuda anamuona ngati mlendo wobwera kudzagwira nchito, amene adzabwerera kumudzi. Conco anchito ambiri anamanga pa mapulazi ndi pa malo a makampani. Maina monga John Laing, John Howard ndi George ndi cikumbutso ca nthawiyo.

Titalandira ufulu mu 1964, malamulo oletsa kubwera m'tauni anatha, ndipo makomboni anakula mofulumira. Mu 1974 boma linapanga lamulo lovomereza ena mwa makomboniwa, ndipo ndi ngongole ya World Bank, mipopi ndi misewu zinalowa ku George, Chawama ndi Chaisa. Koma mapaipi ocotsa zonyansa sanafike kwa ambiri.

Apa ndiye pali vuto lathu. Pansi pa Kanyama pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu. Mvula ikagwa, za m'cimbudzi cokumba zimayenda mpaka m'citsime. Kolera ya 2017 inafala kwambiri ku Chipata ndi ku Kanyama, ndipo mu January 2024 National Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu nacedwa kutsegulidwa. Matendawa amatsata mapu amene anajambulidwa agogo athu asanabadwe.

Manje tili ndi ma flyover ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres, ndipo madzi timalipira pa foni. Zonsezi n'zabwino. Koma makina sasankha okha kopita. Amapita kumene pulani ndi bajeti zawatuma. Flyover imaoneka bwino pa cithunzi, paipi ya pansi siioneka, koma ndiyo imasunga moyo wa mwana wa m'komboni. Khansala akabwera kudzapempha voti, timufunse za paipiyo: idzadutsa mseu uti, ndipo liti?