Mbiri ya Kuyeza Makutu Kudzera mu Ubongo

Munthu wamkulu akamayezedwa makutu amangouzidwa kukweza dzanja akamva kulira kwa makina. Khanda silingatero, n'chifukwa chake kwa zaka zambiri ugonthi wa mwana unkadziwika mochedwa, makolo atadabwa kuti sakuyamba kulankhula. Njira yofunsa ubongo m'malo mwa mwini khutu inayamba mu 1929, pamene Hans Berger wa ku Jena ku Germany anasonyeza kuti timphamvu tamagetsi ta muubongo tingathe kujambulidwa pakhungu la pamutu. Mu 1939 Pauline Davis wa ku Harvard anaona kuti timphamvuti timasintha munthu akamva mawu.

Yankho limeneli ndi laling'ono zedi, moti limamira m'zochita zina za ubongo ndi minofu. Madokotala anaphunzira kubwereza kaphokoso kamodzimodzi kambirimbiri n'kuphatikiza mayankho onse kuti choonadi chiyandame. Potsata njirayi, Don Jewett ndi John Williston anafotokoza mu 1971 timafunde tochokera kutsinde la ubongo, tomwe timaoneka ngakhale khanda lili m'tulo. Komabe kaphokoso kachidule kamene ankagwiritsa ntchito sikankauza dokotala bwinobwino ngati khutu likuphonya mawu okwera kapena otsika, ndipo kuwerenga timafundeto kunkadalira diso la katswiri.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1981, pamene Robert Galambos ndi anzake anapeza kuti mawu akamabwerezedwa ka 40 pa sekondi, ubongo umatsata kugundako mosadukiza. Tsoka lake, yankholi limafooka m'tulo komanso mwa makanda, omwe ndiwo ankafunikira thandizo kwambiri. Field Rickards ndi anzake ku Melbourne anasonyeza kuti kugunda kopitirira ka 70 pa sekondi kumayankhidwa bwino munthu ali m'tulo. Ku Canada, Terence Picton ndi anzake anawonjezera nzeru yoliza mawu angapo nthawi imodzi.

Masiku ano khanda likagona, amalimata timawaya pamphumi ndi kuseri kwa makutu, n'kuliza mawu a 500, 1000, 2000 ndi 4000 Hz, aliwonse akugunda pa liwiro lakelake. Kompyuta imagawa timphamvu ta muubongo tojambulidwa ndi timawayato ndi masamu a Fourier, n'kuona ngati liwiro lililonse likupezekamo. Zotsatira zake zimathandiza kutchuna chipangizo chothandiza kumva mwana asanafike poyamba kulankhula. Njirayi, yotchedwa ASSR, imalondola kwambiri pa ugonthi waukulu kusiyana ndi waung'ono, choncho zipatala zimaiyendetsa limodzi ndi njira ya 1971 ija.