Madzi ndi malonda kapena ufulu? Zomwe zachitika kum'mwera kwa Africa

Mkangano wakuti ntchito yopereka madzi iperekedwe kwa makampani omwe si aboma, kapena madzi atengedwe ngati ufulu wachibadwidwe wa munthu aliyense, unafika pachimake m'chigawo chino pakati pa zaka za 1999 ndi 2010. M'zaka zimenezi mizinda ya Maputo, Johannesburg ndi Dar es Salaam inasainirana mapangano ndi makampani a ku Ulaya kuti aziyendetsa ntchitoyi. Pofika kumapeto kwa 2010 mapangano atatu onsewa anali atatha ndipo ntchito inali itabwerera m'manja mwa mabungwe a boma.

Komabe kuchoka kwa makampaniwa sikunathetse nkhani. Mafunso awiri amene anayambitsa mkanganowu adakalipo: kodi ndalama zopopera, kuyeretsa ndi kufikitsa madzi pakhomo zichokere kwa yani, nanga munthu amene alibe ndalamazo achitidwe chiyani?

Magwero a mkangano

Mu Januwale 1992 akatswiri a zamadzi anakumana mumzinda wa Dublin ku Ireland ndi kugwirizana mfundo zinayi. Mfundo yachinayi inati madzi ali ndi mtengo ndipo ayenera kuonedwa ngati chuma. Mfundo yomweyo inavomerezanso kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wopeza madzi aukhondo pamtengo woti angaukwanitse, koma gawo limeneli silinamveke kwambiri. M'zaka zotsatira mabungwe a World Bank ndi IMF anayamba kulimbikitsa maiko osauka kuti alowetse makampani m'ntchito yamadzi, ndipo kwina anachita kuika zimenezi ngati chofunika kukwaniritsa dziko lisanalandire ngongole kapena kukhululukiridwa ngongole zakale.

Mawu akuti "kugulitsa madzi" amasocheretsa pang'ono. Kugulitsiratu mapaipi, madamu ndi malo oyeretsera madzi kunachitika ku England ndi Wales mu 1989, koma mu Africa muno katundu ameneyu nthawi zambiri ankakhalabe wa boma. Kampani inkangobwerekedwa ntchitoyo kwa zaka zingapo kuti izitolera ndalama ndi kukonza zoonongeka, kapena inkalembedwa ganyu yoyendetsa bungwe la boma.

Ochirikiza njirayi anali ndi mfundo yovuta kuitsutsa: mvula ndi yaulere, koma madzi a pampopi si aulere. Mzinda wa Blantyre ndi chitsanzo chooneka bwino. Madzi ake ambiri amachokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amapopedwa kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800, moti magetsi okha amadya gawo lalikulu la ndalama za bungwe la madzi. Mabungwe ambiri a boma m'chigawochi ankataya madzi ochuluka m'mapaipi otha, samatolera bwino ndalama, ndipo nthambi za boma zomwezo zinali pakati pa osalipira. Otsutsa ankati kampani imatsata phindu, ndipo phindu silipezeka m'makomboni. Zipolowe za ku Cochabamba m'dziko la Bolivia mu 2000, kumene anthu anathamangitsa kampani itakweza mitengo, zinawapatsa chitsanzo chomwe akhala akuchitchula kuyambira pamenepo.

Zomwe malamulo a dziko lapansi amanena

Mu Novembala 2002 komiti ya bungwe la United Nations yoona za ufulu wa zachuma, chikhalidwe ndi umoyo wa anthu inatulutsa ndemanga yake ya nambala 15. Inati munthu aliyense ayenera kupeza madzi okwanira, aukhondo, apafupi ndi otsika mtengo, akumwa ndi ogwiritsa ntchito pakhomo. Pa 28 Julayi 2010 msonkhano waukulu wa bungweli unavomereza mfundo yomwe dziko la Bolivia linabweretsa, yakuti madzi aukhondo ndi ufulu wachibadwidwe. Maiko 122 anavomereza, panalibe lotsutsa, koma 41 anakana kuponya voti. Mwa amenewa munali America ndi Britain, komanso Botswana, Lesotho, Tanzania ndi Zambia.

Zikalata zimenezi sizinena kuti madzi akhale aulere, ndiponso siziletsa makampani. Mu Sepitembala 2010 khonsolo ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inafotokoza kuti boma likhoza kupereka ntchito yamadzi kwa ena, koma udindo woonetsetsa kuti aliyense akupeza madzi umatsalabe pamutu pake.

Dar es Salaam: pangano la zaka khumi lomwe silinathe zaka ziwiri

Ku Tanzania, kulowetsa kampani m'bungwe la madzi la DAWASA kunali pakati pa zomwe dzikolo linauzidwa kuchita kuti lichepetseredwe ngongole. Mu Ogasiti 2003 kampani ya City Water, yomwe eni ake anali Biwater ya ku Britain, Gauff ya ku Germany ndi Superdoll ya ku Tanzania konko, inayamba kuyendetsa madzi a mumzinda wa Dar es Salaam pa pangano la zaka khumi.

Chiwerengero chimodzi chikuulula zambiri. Ntchito yonse yokonzanso madzi a mzindawo inali ya madola a ku America oposa 160 miliyoni, ndipo zambiri mwa ndalamazi zinali ngongole zomwe boma linatenga ku World Bank, African Development Bank ndi European Investment Bank. Kampaniyo inayenera kuikapo madola 8.5 miliyoni okha. Chiyembekezo chakuti makampani abweretsa mpamba umene maboma analibe sichinakwaniritsidwe kumeneko.

Zinthu zinasokonekera msanga. Kampaniyo inalephera kutolera ndalama monga inkayembekezera, inayamba kubwerera m'mbuyo pa zomwe inayenera kulipira boma, ndipo inapempha kuti pangano likambidwenso ponena kuti ziwerengero zomwe inapatsidwa poyamba zinali zolakwika. Mu Meyi 2005 nduna ya zamadzi ya nthawiyo, a Edward Lowassa, analengeza kuti pangano latha, ndipo pa 1 Juni akuluakulu atatu a kampaniyo, nzika za Britain, anathamangitsidwa m'dzikomo.

Milandu iwiri inatsatira. Mu Januwale 2008 bwalo loyanjanitsa lomwe linakhala ku London linalamula City Water kuti ilipire DAWASA mapaundi pafupifupi 3 miliyoni. Mu Julayi chaka chomwecho bwalo la ICSID, lomwe lili pansi pa World Bank, linapeza kuti boma la Tanzania linaphwanya pangano loteteza amalonda akunja ndi mmene linathamangitsira kampaniyo, koma silinalamule kuti boma lilipire kanthu chifukwa panthawi yolandidwayo kampaniyo inali itatha kale mphamvu, yopanda mtengo uliwonse.

Ku Mozambique nkhani inayenda mwakachetechete. Kampani ya Águas de Moçambique inalandira madzi a Maputo mu 1999 pa pangano la zaka 15. Kampani ya Saur ya ku France, yomwe inkatsogolera, inachoka patangopita zaka zochepa, madzi osefukira a mu 2000 ataononga katundu wambiri. Águas de Portugal inapitiriza mpaka 2010, pamene bungwe la boma la FIPAG linagula masheya ake. Si kuti mapangano onse analephera: a zaka 30 omwe anasainidwa mu 1999 ku Nelspruit ndi ku Dolphin Coast m'dziko la South Africa anapitirira, ngakhale anafunika kukonzedwanso m'zaka zoyambirira.

Phiri: kodi madzi okwanira ndi malita angati?

Dziko la South Africa linali patsogolo pa ena polemba ufulu wa madzi m'malamulo aakulu a dziko. Gawo 27 la malamulo a mu 1996 limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chakudya ndi madzi okwanira, ndipo boma liyenera kuchitapo kanthu pang'onopang'ono molingana ndi chuma chomwe lili nacho. Mu 2001 boma linayamba kupereka malita 6,000 aulere pamwezi ku khomo lililonse, omwe pa banja la anthu asanu ndi atatu ndi malita 25 kwa munthu patsiku.

Ndondomekoyi inabwera dziko litangoona zoopsa. Mu Ogasiti 2000 kolera anabuka m'dera la Ngwelezane kufupi ndi Empangeni ku KwaZulu-Natal, ndipo anagwira anthu oposa 100,000 ndi kupha oposa 200. Ofufuza anasonyeza kuti anthu ambiri m'derali anabwerera ku mitsinje pamene mipopi ya m'mudzi, yomwe kale inali yaulere, inayamba kulipiritsidwa. Amene anakhazikitsa malipirowo sinali kampani yakunja koma akuluakulu a boma a m'derali.

Mayeso aakulu a ufuluwu anachitikira ku Phiri, limodzi mwa madera osauka a mu Soweto. (Owerenga Chichewa asanyengedwe ndi dzinali, m'Chisotho mawuwa amatanthauza fisi.) Kampani ya Johannesburg Water, yomwe mwini wake ndi khonsolo ya mzinda koma kuyambira 2001 mpaka 2006 inkayendetsedwa ndi gulu lotsogozedwa ndi Suez ya ku France, inayamba ntchito yotchedwa Operation Gcin'amanzi. Kale anthu a ku Soweto ankalipiritsidwa mtengo umodzi wa malita 20,000 pamwezi popanda mita, ambiri samalipira, ndipo madzi ochuluka ankatayika m'mapaipi akale. Kuyambira 2004 makomo a ku Phiri anaikiridwa mamita olipiriratu: malita 6,000 aulere akatha, mpopi unkauma wokha kufikira munthu atagula ena.

Vuto linali lakuti malitawo ankawerengedwa pa poloti, osati pa munthu. Ku Soweto poloti imodzi imakhala ndi nyumba yaikulu ndi timanyumba ta kuseri momwe mumakhala mabanja ena, kotero madzi a mwezi wonse ankatha pakati pa mwezi. Anthu asanu a m'deralo anakasuma, ndipo mlanduwo umadziwika ndi dzina lakuti Mazibuko.

Mabwalo atatu anapereka mayankho atatu. Mu Epulo 2008 woweruza Moroa Tsoka wa bwalo lalikulu anati mamitawo ndi osemphana ndi malamulo ndipo munthu aliyense apatsidwe malita 50 aulere patsiku. Mu Malichi 2009 bwalo la apilo linatsitsa chiwerengerocho kufika pa malita 42. Pa 8 Okutobala 2009 bwalo loona za malamulo aakulu a dziko, m'chigamulo cholembedwa ndi woweruza Kate O'Regan, linathetsa zigamulo ziwiri zonsezo. Linati si ntchito ya khoti kutchula malita. Ntchito yake ndi kuona ngati ndondomeko ya boma ili yomveka, ndipo ya Johannesburg inali yomveka, mamita olipiriratu nawonso anali ololedwa. Bwalolo linaona kuti mlandu uli mkati khonsolo inali itawonjezera madzi aulere a mabanja olembedwa m'kaundula wa osauka, ndipo linati kusintha kotereku ndiko phindu la milandu ya mtunduwu. Kwa mayi amene mpopi wake unkauma mwezi usanathe, yankholi linali lochepa, ndipo akatswiri ambiri a zamalamulo anadzudzula chigamulochi.

Boma nalo limalephera

Amene amati yankho ndi boma basi ali ndi Harare yoti aifotokoze. Ntchito yamadzi mumzindawu inachotsedwa kwa khonsolo ndi kupatsidwa bungwe la boma la ZINWA, lomwe pa nthawi ya mavuto a zachuma linasowa mankhwala oyeretsera madzi ndi zipangizo zokonzera mapaipi. Kolera wa mu 2008 ndi 2009 anagwira anthu pafupifupi 100,000 m'dziko la Zimbabwe ndi kupha oposa 4,000. Malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 analemba ufulu wa madzi aukhondo m'gawo 77.

Maiko ena anasankha njira yapakati. Ku Zambia lamulo la mu 1997 linakhazikitsa makampani a madzi omwe eni ake ndi makhonsolo, ndi bungwe la NWASCO lovomereza mitengo ndi kuyang'anira ntchito yawo. Ku Malawi mabungwe asanu a madzi ndi a boma koma amayembekezeredwa kudzidalira pa ndalama zomwe amatolera. Konseku munthu amene paipi sinamufike amagula madzi pachidebe, pakiyosiki kapena kwa mnansi, ndipo kawirikawiri amalipira zambiri pa lita kuposa mwini nyumba wokhala ndi mpopi wakewake.

Ku Botswana ufulu wa madzi unayesedwa kutali ndi mizinda. Mu 2002 boma linatseka chitsime cha pa Mothomelo m'nkhalango yotetezedwa ya Central Kalahari pofuna kusamutsa anthu a mtundu wa Basarwa. Mu Januwale 2011, patangopita miyezi isanu ndi umodzi dzikolo litakana kuponya voti ku United Nations, bwalo la apilo linagamula kuti kuwamana madzi kunali kuwachitira nkhanza zonyozetsa umunthu wawo. Linawalola kutsekulanso chitsimecho ndi kukumba zina, koma ndi ndalama zawo.