Agalu a Eck ndi Mimba Yodzaza Madzi

Munthu akamaonda nkhope ndi manja koma mimba ikukulirakulira, mchombo kutulukira kunja, pamudzi pamamveka zambiri. Dokotala amayamba wakayikira chiwindi. Magazi ochokera m'matumbo ndi m'kapamba amasonkhana mu mtsempha waukulu wotchedwa portal, n'kulowa m'chiwindi kuti akasefedwe. Chiwindi chikauma ndi zipsera, magaziwo amapanikizika ngati madzi a m'ngalande ya mpunga yotsekeka, ndipo madzi amayamba kuchucha n'kudzaza m'mimba, nthawi zina malita oposa 10.

Kwa zaka pafupifupi 2,000 chithandizo chachikulu chinali chimodzi: kuboola ndi kukhetsa. Celsus wa ku Rome analemba za kulowetsa kachubu kachitsulo pamimba. Katswiri wa nyimbo Ludwig van Beethoven anamuboola kanayi asanamwalire mu 1827. Madziwo ankabwereranso, poti gwero lake silinakhudzidwe.

Woyamba kulimbana ndi gwerolo anali Nikolai Eck, dokotala wachinyamata wa asilikali ku St Petersburg. Mu 1877 anaganiza kuti ngati chiwindi chatseka njira, magazi apatsidwe ina yolambalala. Anatenga agalu 8, n'kusokerera mtsempha wa portal ku mtsempha waukulu wopita kumtima. Mmodzi anafa tsiku lisanathe, 6 anafa pasanapitirire sabata, ndipo wotsalayo anakhala miyezi iwiri ndi theka kenako anathawa, osapezekanso. Pa umboni wa galu wothawayu, Eck analemba kuti opaleshoniyi ikhoza kuchitidwa popanda choopsa. Posakhalitsa anamuitana kunkhondo, ndipo ntchitoyo inaima.

Mabuku amatamanda Eck, ndipo dzina lake linamatirira pa opaleshoniyo. Koma ulemu waukulu uyenera kupita kwa Ivan Pavlov, yemwe ambiri amangomudziwa pa nkhani ya agalu okha dovu. Mu 1893 iye ndi anzake Hahn, Massen ndi Nencki anabwereza ntchito ya Eck mosamala kwambiri, agalu angapo n'kukhala ndi moyo nthawi yokwanira kuwaonetsetsa. Atawadyetsa nyama, agaluwo anayamba kudzandira, kulusa, kuomba makoma ngati akhungu, kugwa khunyu ndi kukomoka. Magazi olambalala chiwindi amafika kuubongo ndi poizoni yemwe chiwindicho chikanachotsa, makamaka amoniya. Eck anaonetsa kuti njirayo ikhoza kutsegulidwa, koma amene anaona malipiro ake ndi Pavlov, ndipo anawaona zaka zoposa 50 madokotala asanayambe kuchita opaleshoniyi pa anthu ambiri.

Allen Whipple ndi Arthur Blakemore atayamba kuichita ku New York mu 1945, kusanza magazi kunachepa, madzi m'mimba anaphwa, koma odwala ambiri anasokonezeka mutu monga momwe Pavlov anafotokozera. Harry LeVeen anayesa zina mu 1974: chubu chopita pansi pa khungu, chotenga madzi a m'mimba kukawathira mu mtsempha wa m'khosi. Chinkatsekeka kawirikawiri ndiponso chinkabweretsa tizilombo.

Njira ya masiku ano, TIPS, inabadwa mwangozi. Josef Rösch, dokotala wa ekisire wochokera ku Czechoslovakia, ankafuna njira za ndulu podzera mu mtsempha wa m'khosi, singano n'kulowa mu portal. Mu 1969 analengeza kuti njira yolambalala ikhoza kubooledwa mkati mwa chiwindi momwemo, popanda kung'amba mimba. Vuto linali loti kanjirako kankadzitseka. Ronald Colapinto anayesa kukafutukula ndi baluni ku Toronto mu 1982, koma zinatheka bwino mu 1988 ku Freiburg, pomwe Götz Richter ndi anzake anaikamo kachubu kawaya ka Julio Palmaz. Kafukufuku wa ku France wa 2017, wa odwala 62, anapeza kuti mwa oikidwa kachubu kokutidwa, 93 pa 100 anatha chaka ali moyo popanda kuikidwa chiwindi china, pomwe mwa ongopopedwa madzi anali 52. Komabe chenjezo la Pavlov lidakalipo. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu amayamba kugona usana, kuchezera usiku, kuiwala ndi kunjenjemera manja, ndipo amene chiwindi chake chatheratu saloledwa n'komwe kuikidwa kachubuko.

Nanga wodwala wa ku Lupembe, m'mbali mwa nyanja ku Karonga? TIPS imafuna chipinda cha makina a ekisire, katswiri wa mitsempha ndi kachubu ka mtengo wapatali. Chomwe amakumana nacho pachipatala cha boma ndi kuchepetsa mchere, mapiritsi okodzetsa a spironolactone ndi furosemide, ndi singano ya pamimba, madzi achikasu akudonthera m'thumba pansi pa bedi. N'kofunika kuti madziwo ayezedwe, chifukwa TB ya m'mimba, matenda a mtima ndi khansa nazonso zimatupitsa mimba, ndipo pamenepo njira yolambalala ilibe ntchito.

Zoumitsa chiwindi kuno n'zodziwika: kachasu, hepatitis B ndi likodzo la m'matumbo. Mwana wosambira m'madzi a nkhono, kapena mayi wookera mpunga wa Kilombero madzi ali m'mawondo, amalowedwa ndi tizilombo ta likodzo timene mazira ake amakatsakamira m'timitsempha ta chiwindi. William Symmers anafotokoza zipsera zake ku Cairo mu 1904. Mwa odwala oterewa chiwindi chimagwirabe ntchito kwa zaka zambiri, koma kapamba amakula, ndipo ambiri amafika kuchipatala akusanza magazi mimba isanadzaze. Mapiritsi a praziquantel ogawidwa m'masukulu amapha tizilomboti zipsera zisanakhwime, ndipo katemera wa hepatitis B wakhala akuperekedwa kwa makanda m'Malawi kuyambira 2002. Obadwa chisanafike chakacho, omwe lero ndi asodzi ndi alimi a ku Lupembe, ambiri sanabayidwe, ndipo ndiwo oyenera kupita kukayezetsa magazi mimba isanayambe kutupa.